Nyumba ya Atate Inaima Masiku Atatu

Ndinadzuka kusanache. Tinagona pansi m'chipinda chochezera, azimayi okhaokha, mipando yonse itatulutsidwa panja monga zimakhalira pa maliro, pakuti atate anali atamwalira. Unali mwezi wa Julaye ndipo kuzizira kwa simenti kunkalowa m'mafupa. Amayi anga anali atakhala pa matiresi pakona, chitenje chili kumutu, maso ali pakhoma. Sindikudziwa ngati anagonako.

Panja moto wa azibambo unali utatsala phulusa ndi zikuni ziwiri. A kwaya amene anachezera kuimba anali atapita kukasamba. Azibambo ena anali m'tulo pa mabenchi, m'kati mwa nyumba yachitsulo ya atate imene inaima pamsewu.

Atate anali owotcherera zitsulo ku Kalingalinga, mu Lusaka, kuyambira ndisanabadwe. Ankapanga mageti, mafulemu a mawindo, mabedi. Ife ana asanu tinakulira m'zipinda ziwiri za lendi, chimbudzi chimodzi mabanja anayi. Atakula anayamba kupanga nyumba zopangiratu: mafulemu achitsulo, makoma a malata awiri okhala ndi chotchinga kutentha pakati, zonse zomanga ndi mabawuti. Ukaikweza pa lole lero, mkuja yaima. Anthu ankagula kuti ikhale shopu kapena kanyumba ka mlonda. Koma kuti mugone banja, ku ofesi yovomereza mapulani atate ankauzidwa kuti malamulo amadziwa njerwa ndi mabuloko. Nyumba yotereyi ndi yongoyembekezera, tsiku lililonse mwini wake akhoza kuuzidwa kuti aichotse.

Atate sankadana ndi malamulo. Ankati, "Batiuze chabe muyeso. Chisulo chinenepe bwanji, mawindo yangati, moto ukabuka munthu achokele kuti. Ise tizakonka, tizasatila zonse." Ankapita kumisonkhano ndi anzawo owotcherera ndi akalipentala, atavala jekete lawo limodzi lija, n'kubwerako ndi yankho loti nkhaniyi ikuonedwa.

Nyumba yawoyawo, ya zipinda ziwiri ndi kakhonde, anaimaliza kalekale. Kapuloti anali nako kunja kwa tauni. Koma anakana kuiimika popanda chilolezo. Choncho inangokhala ku shedi kumene ankagwirira ntchito, zidutswazidutswa, itatsamira khoma, itafundikidwa pulasitiki.

Tsiku limene anamwalira, anzawo a ku shedi anakana zobwereka tenti. Anabwera ndi masipanala n'kuiimika pamsewu, kutsogolo kwa geti lathu. Mmodzi mwa iwo anandiuza kuti, "Pa malilo kulibe amene afunsa pepala."

Kutangoyera, kuseri kwa nyumba ya lendi kunayamba utsi. Azimayi a mumpingo anakoleza mbaula zinayi ndi moto wa nkhuni wa mapoto aakulu. Ena ankadula kabichi pa thebulo la aneba, ena ankapita kumpopi ndi zigubu. Ine anandiletsa kugwira chilichonse. Ndinangoima pageti n'kumalandira manja.

Anthu ankabwera osaleka. Abale a atate ochokera ku Petauke, fumbi la ulendo lidakali m'tsitsi. Amalonda a ku Kamwala amene atate anawapangira zitseko za mashopu. Oyendetsa minibasi a ku Mandevu amene ankawotcheretsa mipando. Aliyense akatha kupepesa amayi m'nyumba, ankatuluka n'kukaima pa nyumba yachitsulo ija. Ankagogoda khoma ndi chala. Ankasuzumira kudenga. Mphepo itayamba kuulutsa fumbi ndi mapepala, amene anali m'kati sanafune kutulukamo.

Mayi wina amene sindinkamudziwa anandigwira pamkono. Anati wachokera ku Kanyama, ndipo amakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi yopanga atate, yoimika pa miyendo yachitsulo chifukwa kwawoko madzi amasefukira.

"Manzi yakazula mu komboni, kwa ine yapita pansi," anatero. "Bana banga bagona pouma. Koma nikamvela motoka yaimilila panja, mutima uchoka. Niganiza ati babwela kuichosa."

Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira atate mumtima. Ndinkati ndi mantha chabe, bwanji osangoimika ngati anthu ena. Mayi uja atandisiya ndinaona chimene atate ankakana: kuti amayi azidzidzimuka galimoto iliyonse ikaima pakhomo.

Cha m'ma teni azibambo anabwera ndi bokosi kuchokera kumochale, ndipo tinakumana nalo kutchalitchi. Poona nkhope ya atate ndinafunafuna manja awo, manja a timabala ta moto aja, koma anali ataphimbidwa ndi nsalu yoyera. Nkhope inali yosalala kwambiri, ngati ya munthu amene sanagwirepo ntchito padzuwa. Amayi anaima nthawi yaitali mpaka azakhali anawakoka pang'onopang'ono.

Tinanyamuka kupita kumanda pa malole awiri ndi maminibasi atatu. Mdipiti unadutsa dala msewu wa mashedi. Msewu umenewo sukhala chete, tsiku lonse ndi makina odula zitsulo ndi nyundo. Koma galimoto ya bokosi itangokhota, makina anazima limodzilimodzi. Amuna anaima m'mbali mwa msewu, magalasi akuda ali pamphumi, pakati pa mageti ndi mabedi ogulitsa. Palibe anaimba, palibe anakweza dzanja. Ine ndinalirira pamenepo, kuposa kutchalitchi.

Kumanda kunali maliro ena atatu pafupi nafe, moti nyimbo zinkasakanikirana. Mphepo inkatenga mawu a abusa n'kupita nawo kwa eni maliro ena. Dothi linali louma, lofiira, ndipo mafosholo ankasinthana mwachangu. Poika nkhata anaitana amayi, kenaka ana, kenaka abale. Ataitana "anzawo a ntchito", anaimirira anthu ochuluka kuposa maluwa amene analipo, ndipo ena anangogwira dothi la pamtumbira n'kubwerera.

Titabwerako tinasamba m'manja pageti, anthu anadya, ambiri n'kumapita. Abale anakhala pansi m'chipinda chochezera. Akulu awo a atate analankhula mofatsa. Anati lendi ya mu Lusaka si ya mayi wamasiye, ndi bwino amayi apite kumudzi, ndipo zitsulo zili pamsewuzo zigulitsidwe zisanachite dzimbiri. Panalibe nkhanza m'mawu awo. Ambiri anagwedeza mitu.

Amayi anati, "Alamu, zitsulo zija sizigulitsidwa. Puloti ilipo. Mwini wake anadikira, inenso ndidikira."

Nkhaniyo inathera pomwepo, ngakhale ndikudziwa kuti idzabweranso.

Dzuwa litapendeka anzawo a atate anabwera ndi masipanala aja kudzamasula nyumbayo. Msewu unayenera kutsegulidwa, aneba anali atapirira masiku atatu akuzungulira ndi magalimoto awo. Amayi atamva kulira kwa chitsulo anadzuka n'kutuluka opanda nsapato. Masiku onsewo ankatuluka atazingidwa ndi azimayi, nkhope itaphimbidwa. Anali asanaione nyumbayo itaima.

Amuna aja anasiya ntchito. Amayi anakwera pakhonde, analowa chipinda choyamba, anadutsa kupita chachiwiri. Ndinawaona pawindo akuyeza pansi ndi mapazi, kuchokera kukhoma kufika pakati, kutalika kwa bedi. Anatsegula windo, analitseka, analitsegulanso. Kenaka anakhala pa benchi imene inatsalamo, manja ali pamaondo. Palibe anawafulumiza. Atatuluka anangoti, "Masulani bwino, musataye mabawuti."

Sizinatenge nthawi. Denga linatsika, makoma anagonekedwa pa lole, ndipo pamsewu panatsala phulusa ndi mizere ya mabenchi pa fumbi. Galimoto yoyamba inadutsa ife tikuona.

Madzulo mipando inabwerera m'malo mwake. Abale a kumudzi anakagona kwa azakhali ku Mtendere, azichimwene anga anaperekeza alendo otsiriza. Magetsi anali atazima dera lonse, ndipo kwa aneba ngakhale wailesi sinkamveka. Tinatsala awiri, ine ndi amayi, kandulo ili pa thebulo. Zipinda ziwiri zimene moyo wanga wonse zinkatichepera zinaoneka zazikulu.

Ndinawapangira tiyi, koma sanamwe. Anagwira kapu ndi manja awiri mpaka inazizira.

"Atate ako anandifunsa kangapo kuti chitseko apake penti yanji," anatero. "Ine ndinkati, siyani zimenezo, nyumba yake iti? Sindinawayankhe."

Anaika kapu pansi.

"Ya buluu. Ndinkafuna ya buluu."