Tsiku limene ndinaboola fyuluta ya chigayo

Ndikukumbukira bwinobwino, koma zaka zanga za nthawi imeneyo usandifunse Tadala mdzukulu wanga, ife sitinkawerenga. Ungolemba kuti ndinali nditayamba kumene kusenza ndowa yodzaza osataya madzi m'njira.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito pa chigayo cha m'mbali mwa msewu wopita ku Kachulu. Chigayocho sichinali chawo ayi. Mwini wake anali bambo wina wa ku Songani, wosachedwa kupsa mtima, amene anali atachotsapo kale anthu awiri pa ntchito yomweyo. Ine yanga inali kuwapititsira chakudya masana, ndipo ndikafika sindinkafuna kubwerera. Injini ikamalira pansi pankanjenjemera mpaka m'mapazi kumanyerenyetsa, fungo la dizilo litasakanikirana ndi la mgaiwa wotentha, atsibweni ali mbuu mpaka nsidze.

Tsiku limenelo ndinapeza kuli zii. Azimayi atakhala pamzere ndi madengu awo, ena ochokera ku chilumba cha Chisi pa bwato. Atsibweni anali atatulutsa m'injini kachinthu kooneka ngati kachitini, kobooka pakati, m'mbali monse muli pepala lokhuthala lopindapinda ngati siketi ya ana asukulu, lakuda bii. Eni ake ankati fyuluta, yosefera oyilo. Anaitsuka m'dizilo, kenako n'kuthira wina m'kati kuti aone. Dizilo uja ankangodontha limodzilimodzi.

"Yayamba kutseka iyi," anadandaula okhaokha. "Yatsopano bwana akungoti mawa, mawa."

Anaiika pa njerwa kuti iume, iwo n'kupita kuseri kukadya.

Tsono iwe Tadala, paja chidulo ukuchidziwa, ngakhale inu a masiku ano mumangogula soda. Kwathu chitini chotchezera chidulo chikatseka ndi phulusa, madzi osatsika, amayi ankatenga msomali n'kubayabaya kunsi kwake, basi chayambanso kutsika. Ndiye ine m'mutu mwangamu ndinati, aa, matenda ake ndi omwewa, atsibweni sakudziwa chifukwa amuna saphika therere. Pakhoma panali singano yaikulu yosokera matumba. Ndinaitenga, n'kubaya m'kati mwa mopinda muja, mosaonekera, kaya kasanu kaya kangati. Nditathira kadizilo kotsala, kanatuluka kamodzin'kamodzi. Ndinaibwezera pa njerwa paja mtima uli mbee, ndikuti aona okha mmene iyendere lero.

Atamaliza kudya anaibwezera m'malo mwake, kumanga, kuthira oyilo, kupukusa, injini n'kudzuka. Azimayi anayamba kukutumula zitenje. Pamzerepo panali mayi wina wogulitsa matemba, a Biti Saidi, pakamwa posatseka ngati panga pano.

"Achimwene, kachitini kameneko ndiye kotikhazika padzuwa chonchi? Bwanji osangokataya?"

"Mukufuna mundidyetse ndinu?" anatero atsibweni akuseka. "Oyilo amazungulira injini yonseyi akutola tizitsulo ndi mchenga. Chogwira zonsezo ndi pepala lija. Litangobooka pang'ono pokha, mchenga wonse ukadya zitsulo m'katimu, sabata siitha injini yauma. Ikauma ine katundu pamutu, inu kumtondo."

Ndinatola mbale zija n'kuyamba ulendo wa kunyumba ngati sindinamve. Ndinafika pa mtengo wa bwemba umene unali pokhotera, n'kuima pomwepo. Palibe anandiona ndikubaya. Injini ikadzafa, akanati yakalamba. Koma kumbuyo kwangaku inkangolira, ine ndikuona ngati ndikuumva mchenga uja ukukukuta. Kunyumba kwa atsibweni kunali khanda la masabata awiri, ndipo munda wawo chaka chimenecho unali utamira ndi madzi.

Ndinabwerera. M'chigayo munthu sumvana ndi mnzako, ndiye ndinachita kuwakoka buluku.

"Ndaboola."

"Ukuti chiyani, Enelesi?"

"Fyuluta ija. Ndaibaya ndi singano."

Analumpha dengu la munthu n'kukazimitsa injini, chimanga cha a Biti Saidi chili pakati. Anamasula fyuluta ija, manja akupsa, n'kuilozetsa kudzuwa atatambasula mopinda muja ndi chala. Kuwala kunkalowa mmene ndinabaya monse.

"Unkafuna chiyani?"

"Kuti izitsika msanga. Ngati chidulo."

A Biti Saidi anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwana uyu amafuna kuiphika therere injiniyi." Koma ena aja sanaseke, makamaka a ku Chisi, poti bwato linkawadikira. Wina anati, "Mum'kwapule ameneyo, mukumuyang'aniranji?" Lamba wakale wa chigayo anali pompo pakhoma, ine maso ali pa iye.

Atsibweni anatulutsa mpeni. Ndinatseka maso. Nditatsegula ndinaona akudula fyuluta ija kumutu ndi kunsi. Anandipatsa nsonga ya pepala nati, "Gwira, ubwerere chambuyo." Ndinabwerera, pepala likungotambasuka, mpaka ndinatuluka pakhomo n'kutsika khonde, lisanathe.

"Waona? Analipinda dala, kuti pepala lalitali chonchi lilowe m'kachinthu kakang'ono, oyilo apeze malo ambiri odutsa. Timabowo tilimo kale, koma maso sangatione. Oyilo amadutsa, mchenga umatsala."

Kenako anagwira chala changa n'kuchikhutiza mbali yakuda ija. Munali nyerenyete, ngati nsomba yoyanika pamchenga ikakugwera m'mano.

"Izi ndiye unazitsegulira njira. Ikatseka sitiboola, mwana wa mlongo wanga. Timasintha."

Zinathera pomwepo. Anakhuthula oyilo yense, kupepesa azimayi, kutseka chigayo, n'kubwereka njinga ulendo wa ku Songani. Kwa bwana anangonena kuti fyuluta yabooka, ndazimitsa msanga. Dzina langa silinatuluke. Anatukwanidwa pamaso pa anthu pamsika, zimenezo ndinadzamva kwa akazi awo a atsibweni ndili wamkulu kale. Koma bwanayo atabwera ndi makaniko wa ku Zomba, anapeza m'kati muli bwino, ndipo fyuluta yatsopano imene inkangokhala ya mawa ija inapezeka tsiku lomwelo.

Chilango chinalipo, usalembe ngati ndinapulumuka. Amayi anandipereka kwa a Biti Saidi masiku awiri amene chigayo chinatseka, kukasinja chimanga chawo chija pamtondo. Matuza m'manja monse, iwo atakhala pamkeka akundiitana kuti a makaniko. Mpaka imfa yawo ankandiitana choncho. Tsiku lachitatu ndikutunga madzi ndinamva injini ikulira kutali, ndinatula ndowa n'kukhala pansi kumvetsera. Atsibweni anagwira pa chigayo chimenecho mpaka imvi.

Atakalamba, maso atachita khungu, ndinkawapititsirabe chakudya. Tsiku lina ndinawafunsa kuti bwanji simunandimenye tsiku lija, anthu onse akukuuzani.

Anati, "Unali utafika kale pa bwemba, ndinakuona pawindo. Unabwerera wekha. Ndikanakumenya, ulendo wina ukanapitirira."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti munthu uja anapulumutsa zinthu ziwiri tsiku limodzi, injini ya eni ake ndi pakamwa panga. Ndimawathokoza mpaka lero, Mulungu awasunge kumene ali. Ana anga asanu ndi awiri ndawalera, amayi ako ali momwemo, uwafunse. Mwana akabisa n'kudzagwidwa, ndinkakwapula ndithu. Koma akabwera yekha kudzati amayi ndalakwa, dzanja linkayabwa, sindikunama, koma ndinkalikhalira mpaka amalize kulankhula.