Very Much Indeed ndi Mbewa za Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene kusekondale ya mishoni anatopa nane. Mlandu wotsiriza unali wa chitedze chimene ndinawaza pabedi la mkulu wa ana asukulu. Patchuthi, mphunzitsi wathu wa Chingelezi, mzungu wongofika kumene kuchokera ku Mangalande, anatulukira kwathu ku Phalula pa mthuthuthu kudzauza amalume kuti ndisabwererenso. Ndinadziwa kuti akangotula mawuwo, ine ndi khasu mpaka imvi.

Mwayi wanga unali umodzi. Iye Chinyanja sankachidziwa, amalume Chingelezi sankachimva. Womasulira anali wopalamula yemweyo.

Mzunguyu ndiye anatiphunzitsa mawu akuti very much indeed. Anati ndi otsindika: pamene "kwambiri" waperewera, umaikapo amenewa, ngati kumenyanso msomali wolowa kale. Koma ife tinkamuona akuwataya paliponse, ngakhale kwa womutolera choko pansi.

Kwathu mlendo sanena chimene wadzera asanadye. Inali nyengo ya lupsa, mbewa zili zonona, choncho amayi anagwada ndi mbale ya akapuku owamba, othira mchere ndi tsabola, michira ili njo. Mzungu anayang'ana mbale, anayang'ana ine. Ndinamuuza, ndipo sindinaname, kuti kukana n'kunyoza khomo. Anatseka maso, naluma.

"Afunse, Yohane," anatero amayi. "Zakoma?"

Ndinafunsa. Iye, misozi ili lengelenge, anati amazikonda very much indeed.

Mtima wanga unavina. Ndinamasulira monga anatiphunzitsira mwini wake, osachotsapo kanthu. "Akuti zakoma kwambiri zedi, kopitirira, kosaneneka."

"Mayo, mwana wa eni ake. Kodi kumishoniko amamumana?" Amayi anamusankhira yachiwiri, yaikulu.

"Muuze ayambire kumutu," anatero amalume. "Kumchirako n'kwa ana."

Anayambira kumutu. Atamaliza anathokoza ndi mawu omwe aja, chifukwa lilime lake linalibe njira ina, ine ndinamasuliranso. Yachitatu. Anthu anayamba kusonkhana kuseri kwa nkhokwe. A Che Saidi, anansi athu amene mbewa sayandikira n'komwe, anaima patali akupukusa mutu: "Ameneyu si mzungu, ndi kadzidzi." Zinakwana zisanu. Ine ndinaluma tsaya mpaka magazi kuti ndisaseke.

Atasamba m'manja, amalume anakhosomola. "Tsopano tingamve chimene abwana atiyendera."

Mzungu anayang'ana amayi, amene anali kumumangira mbewa zina m'makoko a chimanga zoti akadye kunyumba. Anayang'ana mbale yopanda kanthu. Pomaliza anati ndiwauze kuti sukulu ikutsegulidwa Lolemba, ndisachedwe. Chapansipansi anawonjezera kuti tikaonana muofesi. Zimenezo sindinamasulire.

Zikoti ndinakalandira zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinazilandira ndi mtima woyera. Sukulu ndinamaliza.

Ena amati ndinachimwira mlendo. Iyayi. Ndinangopereka mawu ake ndi kulemera kumene iye mwini anati ali nako. Chimene ndinaphunzira tsikulo, ndipo ndachisunga mpaka ukalamba uno, n'chakuti mawu otsindika si ongokometsera pakamwa. Ukawazolowera kuwanena osawamva mumtima, tsiku lina udzakumana ndi munthu ngati amayi anga, wokhulupirira zimene wauzidwa, ndipo adzakuwonjezera mbale.