Ana Awiri a Gregorio, Dzina Limodzi

A Gregorio ndi munthu woti mukhoza kudutsana nawo pa Limbuli tsiku la msika osawaona. Ndi aafupi, oonda, ndipo amayenda m'mphepete mwenimweni mwa msewu ngakhale kulibe galimoto. Anabwera kuno ali mnyamata, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala, chifukwa maso awo anali atagwera pa Yunesi wa m'mudzi mwathu. Anakwatira chikamwini, ndipo khomo lawo linayang'anana ndi langa.

Mphamvu zawo zonse zinathera m'munda wa tiyi, dengu kumsana, mvula ndi dzuwa. M'kalasi sanakhalemo kwenikweni, koma nkhani ya sukulu inali pakamwa pawo ngati nyimbo. Akakumana ndi bwana aliyense wa mu ofesi ya ku esiteti ankamufunsa mwaulemu kuti sekondale anaphunzira kuti. Onse ankatchula sukulu zikuluzikulu zogonera komweko. Panalibe ndi mmodzi yemwe wotchula sukulu yoyendera, ndipo a Gregorio anasunga zimenezo mumtima.

Anali ndi ana awiri, onse aakazi. Wamkulu, Marcia, anali wachete koma mutu wakuthwa, nambala wani chaka ndi chaka. Wamng'ono, Nilza, ankabwera pambuyo pake ndi kalasi imodzi, ndipo anali kamwana kaphokoso, kokonda kuimba potsuka mbale. Chaka chimene Marcia analemba mayeso a Sitandade 8, Nilza anadwala malungo. Pofika naye ku chipatala n'kuti zinthu zitaipa kale. Tinamuika kumanda a kwa amayi ake, kuseri kwa nsungwi.

Misozi isanaume, zotsatira za mayeso zinatuluka. Marcia anakhoza, koma anamusankhira ku sekondale yoyendera ya kufupi kwathu kuno.

Sukulu imeneyo ndimaidziwa bwino, musandiuze, mwana wanga Sekani anaphunzira pomwepo. Sayansi ankaiphunzira pa bolodi, mphunzitsi kujambula botolo ndi choko n'kunena kuti ana aganize kuti muli madzi owira. Buku limodzi ankaliunjirira ngati nkhuku pa gaga. Wophunzitsa masamu anali yemweyo wa Baibulo, ndipo ankayesetsa, munthu wa Mulungu, koma iyenso masamuwo ankawaopa. Mwana amafika m'kalasi atatunga kale madzi, atasesa, atayenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu. Ndiye pa Folomu 4 amamupatsa pepala lofanana ndi la mnzake wogona pa bedi, wowerenga ndi magetsi, n'kumati awiriwa apikisane polowa ku yunivesite. Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Sekani wanga pano amapalasa kabaza.

A Gregorio anakana kwamtuwagalu. Anati Marcia abwereze Sitandade 8 mpaka amusankhire sukulu yogonera. Koma panali mphekesera yoti mwana wobwereza, dzina lomwelo, zaka zitapitirira, ku sukulu zikuluzikulu samutenga. Kaya zinali zoona kaya nkhambakamwa chabe, ine sindidziwa, koma tonse tinkakhulupirira. Ena ankangomupatsa mwana dzina latsopano n'kumusamutsira ku sukulu ina. A Gregorio dzina longopeka ankaliopa. Munthu amene anakhalapo wothawa nkhondo amadziwa kuti dzina lopanda kochokera limakoka mafunso. Koma panali dzina lina limene ku sukulu linali lisanafufutidwe, la mwana woyenera kulowa Sitandade 8 chaka chimenecho, zaka zake zoyenereranso.

Tsiku limene anauza akazi awo ine ndinalipo, tikusenda nandolo pakhonde.

"Abambo a Marcia, mutu wanu ukuyenda bwino?" anatero Yunesi, lichero lili pamiyendo. "Mwana wagona dzana lomweli, dothi silinakhazikike n'komwe."

"Wagona ndi mwana, amake Marcia, dzina silinagone. Tataya mmodzi. Mukufuna uyunso athere mu tiyi ngati ine?"

"Ndiye ndizimuitana bwanji? Pakamwa panga pomwepa?"

Marcia anali m'nyumba akumva zonse, ndipo palibe amene anamufunsa kalikonse.

Anakonza zoti Marcia akakhale kwa msuweni wawo ku Chitakale, kumene palibe ankamudziwa. Koma asanapite, a Gregorio analamula kuti pakhomo onse azimuitana dzina latsopanolo kuti alizolowere, angakachite manyazi pamaso pa aphunzitsi. Yunesi anakhala masiku akungoti "iwe", kapena kukodola ndi dzanja. Tsiku lina masana mvula inayamba mwadzidzidzi ufa uli pamphasa, ndipo mosaganiza anakuwa monga ankachitira kale: "Nilza! Ufa!" M'nyumba munamveka mawu ovomera, mtsikana n'kutuluka akuthamanga. Yunesi anangokhala pansi pamvula pomwepo. Ufawo tinaola ine ndi mtsikanayo awiri, osayang'anana.

Nzeru za a Gregorio zinagwira. Chaka chotsatira mwanayo anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yogonera komweko, ina mwa zikuluzikulu zija. A Gregorio anamangirira sutikesi pa njinga n'kuikankha mpaka pa siteji, akupereka moni ngakhale kwa anthu amene sankalankhulana nawo. Sindinawaonepo akusangalala chotero, ndipo sindinawaonenso.

Pa tchuthi choyamba anzake akamuitana kuti Marcia ankacheuka msanga n'kumwetulira. Pa tchuthi cha Folomu 2 ankacheuka mochedwa. Kenaka anzakewo anatopa n'kuyamba kumutchula monga ankamutchulira ku sukulu. Pang'ono ndi pang'ono mudzi wonse unatsatira, mpaka a Gregorio anasanduka bambo a Nilza. Yunesi yekha ndiye anakakamira, amuna ake ankawaitanabe abambo a Marcia, ngakhale pakhomo panalibenso woyankha ku dzina limenelo. Mwezi wa Novembala ku tchalitchi kwathu timapereka mayina a abale athu omwalira kuti awapempherere pa Misa. Yunesi ankapereka la amayi ake, la achimwene ake, n'kuima. A Gregorio anali atamuletsa, ati zikhoza kumveka. Yunesi ankakhala pa benchi milomo ikugwedera, akutchula yekha chamumtima dzina limene wansembe sanalitchule.

Mtsikanayo ndinakumana naye pa mjigo ali Folomu 3, atatalika, Chingerezi chili pamphuno. Ndinamuseka kuti ndamva akuwapitirira ana a mabwana m'kalasi. Sanaseke.

"Azakhali," anatero, akuyang'ana ndowa, "ndikakhoza, aphunzitsi amati wachita bwino Nilza, ndiye ndimaona ngati wakhoza ndi iyeyo. Ndikalakwa m'pamene ndimadziwa kuti ndine."

Ndinangomusenza ndowa ngati kamwana.

Folomu 4 anakhoza bwino kwambiri ndipo ku yunivesite anamutenga. Koma kumeneko anakapeza Emelda, mnzake wa m'kalasi wa ku pulayimale, amene anapita ku sekondale yoyendera ija osabwereza. Emelda anali atalowa chaka chapitacho, yekhayekha pa sukulu yonse, ndipo akuti chiyambire sukuluyo zinali zisanachitikepo. Mudzi unaimba nthungululu. A Gregorio nkhani imeneyi inawalowa ngati minga.

"Achemwali," anandifunsa tsiku lina atatsamira nkhokwe yanga, "Emelda uja ku pulayimale ankaposedwa ndi wanga. Ndiye kuti wanganso akanatha? Ndi dzina lake lomwe?"

"Emelda ndi mmodzi, achimwene. Anzake onse aja ali kuti? Sekani wanga simumuona pa siteji?"

"Ee, koma akanatha?"

Ndinawauza kuti sindidziwa, chifukwa sindidziwadi. Kuwadzudzula sindingathe, ine amene mwana wanga ndinamusiya kumeneko n'kuona zotsatira zake. Kuwauza kuti anachita bwino sindingathenso, poti ndinaona Yunesi atakhala pamvula. Funso limenelo a Gregorio ankayenda nalo paliponse. Anafunsa akatekisiti, anafunsa aphunzitsi opuma ntchito, ngakhale ana a sukulu okwera nawo minibasi. Wina ankati sukulu ndiyo imapanga mwana, wina ankati mwana wanzeru amatulukira paliponse, ndipo yankho lililonse linkawapweteka.

Tsiku lolandira digiri anapita onse awiri, Yunesi atavala chitenje chatsopano. Pobwera Yunesi anandiuza kuti dzina litamveka pa chimkuzamawu, anthu mazanamazana n'kuwomba m'manja, iye analira mokweza mpaka oyandikana nawo anamusisita pamsana, akuti mayi asangalala. "Sanadziwe kuti ndikulira maliro," anatero. "Anatchula mwana wanga wakufa, n'kutulukira wamoyo atavala mkanjo wakuda."

Mwanayo anapeza ntchito yabwino ku Blantyre. Makolo ake sawaiwala, nyumba anawafolerera malata, a Gregorio mu tiyi anawachotsamo. Koma kubwera amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera sakhalitsa. Amalankhula nawo mwaulemu ngati mlendo wolandiridwa bwino.

Chilimwe chathachi anabwera ndi matumba a simenti ndi mmisiri wa ku Chitakale, dzina lake Elson, kuti amange chiliza pa manda a mng'ono wake, amene zaka zonsezi anali mulu wa dothi chabe. Tinapita m'mawa, achibale ndi ife oyandikana nawo. Elson anamanga, anapaka pulasitala, kenaka anatenga msomali kuti alembe simenti ikanali yofewa.

"Dzina la malemu ndani?"

"Nilza," anatero Yunesi msangamsanga, ngati wakhala akulisunga m'kamwa.

Elson anacheukira mayi wa ku Blantyre amene anamulemba ntchito uja. "Ngati lanuli, madamu?"

"Ayi, ayi, musalembe limenelo," a Gregorio analowerera. "Anthu amajambula zinthu masiku ano. Zikakamveka kuntchito kwake? Mapepala ake onse? Ingoikani mtanda basi."

"Mtanda basi?" Yunesi anaimirira. "Mwana wanga wagona muno ngati munthu wotoledwa pamsewu, ku tchalitchi osamutchula, lero muti mtanda basi? Abambo a Marcia, munanditengera dzina lake ali chigonere, ndibwezereni!"

Elson anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa kuti simenti siidikira munthu.

"Lembani Marcia," anatero mwana uja.

Sanakweze mawu, ndipo maso ake anali ouma. Amayi ake anagwira pakamwa.

"Nilza ali ndi digiri, ali pa ntchito, sangagone muno. Amene anasowa pakhomo paja ndi Marcia. Anathera Sitandade 8, ndipo palibe anamulira. Amama, inu mwakhala mukulira mmodzi, ine ndakhala ndikulira awiri."

A Gregorio anavula chipewa. Anayandikira mwana wawo ngati akufuna kumugwira dzanja, koma anaima panjira.

"Marcia, mwananga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulitchula chichokere mwanayo kupita ku Chitakale. "Ukalemba limenelo pamenepa, ine nditsala ndi ndani?"

"Ndi wa ku yunivesite uja, ababa."

Elson anadikira pang'ono kuti mwina wina atsutsa. Palibe anatsutsa, ndipo anagwada n'kuyamba kulemba.