Bomba la Timiyendo pa Shelefu ya Abwana

Ena mwa inu munena kuti agogowa dzuwa la kuno lawasokoneza mutu, koma zimene ndikulembazi zinandichitikira ineyo, sindinachite kumva, ndipo sinditchula dzina la munthu chifukwa ine anthu sindiwakhulupirira, ngakhale inu amene mukuwerenganu.

Ndinabwera ku Doha, kuno ku Qatar, ndili kale ndi zidzukulu, mwana wanga wamkazi atamwalira n'kundisiyira ana, ndipo ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Al Duhail, m'kampaundi ina ya mipanda italiitali. Abwana aamuna ankakonda kutolera zinthu za asilikali, zipewa zachitsulo, mamendulo, timabokosi, n'kumaziyala m'majilisi, chipinda chimene amalandiriramo alendo aamuna. Tsiku lina m'mawa ndikulowa ndi kansanza kanga kopukutira, ndinaona chinthu chatsopano pa shelefu moyang'anizana ndi chitseko. Chinali chobiriwira, chopindika pang'ono ngati phale, chitaima ndi timiyendo tachitsulo. Ndinangokhala pansi pa kapeti, mkodzo unatsala pang'ono kundichititsa manyazi, ine munthu wamkulu.

Mufunsa kuti mayi wa kumudzi chinthu chotere anachidziwira kuti? Kwathu ndi kumalire, mbali ya ku Ntcheu, kumene nyumba imakhala ku Malawi munda uli ku Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya kumeneko ndinali mtsikana, ndipo njala ikavuta tinkapitabe kukakolola tsidya linalo. Tsiku lina masana tikubwerera pa kanjira ka m'tchire, kutsogolo kunali azibambo okankha njinga, pakati mkulu wanga ndi amayi ena atasenza matumba a chimanga, ine m'mbuyo chifukwa ndinaima kuzula minga kuphazi. Azibambo aja anadutsa bwinobwino. Kenaka kunaphulika. Sindifotokoza zonse, ndingoti thupi la mkulu wanga linabooka paliponse ngati sefa, chimanga chinamwazika n'kusakanikirana ndi magazi. Ndinakwawa kukafika pomwe anagwa, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona m'udzu china chitaima ndi timiyendo, chosaphulika, chikundiyang'ana kumaso, kawaya kake katalowera kutchire. Ndinalira pomwepo mpaka anthu anabwera kudzandikoka. Zaka zonsezi kwathu timangoti anaponda poipa, linali tsiku lake.

Chimenecho ndicho chinali pa shelefu. Ndinawauza madamu, iwo anaseka nati ndi chidole, m'kati mulibe kanthu, halasi, ndiye kuti basi m'chilankhulo chawo, ndipite ndikapukute. Koma ndani anatsegula kuti aone? Ndinayesa kuchikankha ndi mtengo wa mopu kuti chiyang'ane kukhoma, kenaka ndinakumbukira kuti kuseri kwa khomalo n'kumene amagona dalaivala. Ndinachilozetsa kuwindo, koma kunja kwake n'kumene ana a m'nyumbamo amasewera. Kulikonse chinkayang'ana munthu. Ndinasiya kulowamo, ndipo fumbi la kuno mumalidziwa, silichedwa kukuneneza. Madamu anandiitana n'kundiuza mosakweza mawu kuti ngati ntchito yandikola andibweza kwa ejenti amene anandipezera ntchitoyo sabata yomweyo. Kubwerera kumudzi chimanjamanja, zidzukulu zija zikadya chiyani?

Pa geti la kampaundi panali mlonda wa kwathu, bambo wina amene anagwirapo usilikali. Sindinkacheza naye, paja Amalawi a kuno ukawauza kanthu m'mawa, pofika madzulo kali pa gulu la pa foni, koma ndinalibe kolowera. Ndinamuonetsa chithunzi cha chinthucho chimene ndinajambula pa foni. Iye anati mayi musavutike mtima, ichi n'chophunzitsira chabe, ndipo ngakhale chikanakhala chenicheni sichingaphulike chokha pa shelefu. Anandifotokozera mwachifatse kuti limeneli si bomba lija lokwirira pansi lodikira phazi. Asilikali oyenda pansi amaliimika m'mbali mwa njira kapena kuzungulira msasa wawo, mimba yake kuloza kumene adani adzere, ndipo likaphulika limamwaza tizitsulo kutsogolo ngati mmene timawazira madzi pabwalo tisanasese. Anati nthawi zina amamangira kachingwe kopingasa njira, koma kawirikawiri waya amapita kwa munthu wobisala amene amakhala akuyang'ana, kudikira kuti amene akuwafuna alowe pakati, ndiye amafinya kachipangizo m'manja.

Ndinamufunsa kuti nanga ngati anthu a kutsogolo adutsa osaphulika, n'kudzaphulikira a pakati. Anati ndiye kuti panali munthu, a kutsogolowo anawasiya dala. Ananena akumwetulira, akuyesa akunditonthoza, mpaka ataona nkhope yanga anafunsa ngati ndadwala, akanditengere madzi.

Choncho mkulu wanga sanaponde poipa. Munthu anagona m'tchire, anamuona akubwera ndi thumba pamutu, mwina anamva ndi kuseka kwake komwe, anadikira a njinga apite, n'kufinya. Ndipo munthu yemweyo anandiona ine ndikulira kutsogolo kwa bomba lachiwiri lija, dzanja lili pa kachipangizo, n'kuganiza zondisiya. Chinali chifundo, kapena ankangolisungira ena? Mwina ali moyo mpaka lero, gogo ngati ine, amapita kutchalitchi n'kumapatsa anthu moni wa m'manja.

M'mawa mwake ndinalowa m'majilisi n'kuchinyamula ndi manja anga, chopepuka ngati mbale ya pulasitiki, ndinachipukuta n'kuchibweza. Madamu anakondwa, ntchito ndikadali nayo, zidzukulu zikudya. Abale kwathu sindinawauze, akamati linali tsiku lake ndimangovomera.

Ine tsopano ndimakhulupirira kuti imfa zambiri zimene timati linali tsiku lake, pamakhala munthu penapake amene anasankha tsikulo. Ndikamayenda m'misewu ya zii ya kuno maso anga amakhala pa mawindo akuda aja, kufuna kudziwa amene akundiyang'ana. Inu a kumalire, mukaona chinthu cha timiyendo kapena waya wachilendo m'tchire, musakhudze, bwererani momwe mwadzera mukauze apolisi. Ndipo inu amene muli ndi maliro akale amene munawazolowera, musamafunsitse kwa anthu odziwa. Ine ndinafunsa kuti ndisathamangitsidwe ntchito, ndipo mkulu wanga ndinayamba kumulira kachiwiri ndili ndekha, m'dziko la eni.