Lipenga la achimwene

Mwana wanga wandiikira chimbale chatsopano cha jazi, choimbidwa ndi achinyamata a kusukulu ya zoimbaimba. Malipenga atangolira onse pamodzi, ndamuuza kuti azimitse.

Kwathu ku Msakambewa achimwene anga ankavina mganda. Lipenga lawo linali la chikho. Kuti lilire, ankamata pakabowo kake kansalu koyera kamene kangaude amaikiramo mazira, ndipo ine ndinkadziwa kukamatula pakhoma osakang'amba.

Zipani zitachuluka, lole ya chipani china inawatenga kuti akavine kumsonkhano. Pobwerera inagubuduka pamtsetse.

Anabwera nawo atawakulunga m'bulangete, lipenga lili pambali, kansalu kaja katang'ambika. Ine, poti ndinali mwana wamng'ono, ndinkayesa kuti n'chifukwa chake angokhala chete. Anthu akulira, ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinamatula kansalu kena, n'kukamata ndi malovu.

"Amayi, ndakonza. Apatseni aimbe."

Amayi anandimenya mbama, kenako anandikumbatira mpaka ndinabanika.

Achimwene anali a msinkhu wa achinyamata a m'chimbalewa, koma palibe amene anajambula kulira kwa lipenga lawo. Kunatsala m'makutu mwanga mokha, ndipo ndikadzafa ine kudzatheratu.