Mbaula M'chigafa cha Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la fodya wouma m'chigafa chawo ku Kaluluma, fungo lokoma koma loyetsemulitsa, lomwe linkakanirira m'malaya mwawo ngakhale tichape ndi sopo wamtanda. Tinkakhala pansi kusoka fodya, zala zili bii ndi utomoni, iwo akuyendayenda pakati pa mikangala yopachikapo fodya n'kumapapasa masamba ngati munthu woyesa nsalu pamsika. Anali munthu wovuta, ndisaname. Kusukulu sanapite patali, koma chala chawo sichinkadinda pepala lomwe sanalimve.

Chaka china, nyengo ya makuponi, kukalabu yawo ya alimi kunabwera bambo wa inshulansi ya fodya. Tsiku lomwelo kunamveka kuti feteleza wotsika mtengo wafika kudepoti, ndiye aliyense ankafuna kusaina msanga athamangire pamzere. Bamboyo anatchula matalala, mphepo, mphenzi ndi moto, anthu n'kuwomba m'manja. Agogo anakweza mkono.

"Zomwe mumalipira tamva, achimwene. Tiwerengereni zomwe simulipira. Tembenuzani pepalalo."

Anthu anang'ung'udza, wina mpaka anakuwa kuti, "Mutiphonyetsa feteleza, madala!" Agogo sanasunthe. Bamboyo anawerenga timalemba ting'onoting'ono takuseri, ndipo mwa zina munali mawu akuti moto womwe mlimi wayatsa yekha m'chigafa, kampani siikhudzidwa nawo. Ambiri anali atatuluka kale, koma agogo anadinda chala chawo atamva zonse.

Fodya atakhwima kunagwa matalala omwe anaboola masamba otsala kumunda, kenako mvumbi wa masiku angapo. Fodya wa m'chigafa anayamba nkhungu. Agogo ali kumaliro kutsidya, amalume anga anachita zomwe alimi ambiri kwathu amachita: anaika mbaula pansi pa mikangala kuti fodya aume. Tsamba limodzi linagwera pamakala. Pomwe tinkafika ndi ndowa, theka la chigafa linali phulusa, ndipo mmenemo ndi momwe munali chakudya ndi zovala zathu za chaka chonse.

Woona zowonongeka wochokera kukampani ya inshulansi atabwera panjinga yamoto, amalume anakokera agogo pambali.

"Bambo, tingonena kuti ndi mphenzi. Mbaula ndaibisa. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine," anatero agogo. "Ndinachedwetsa kalabu yonse kuti ndimve mawu aja. Lero ndikhale ngati sindinamve? Katengeni mbaulayo."

Amalume anabwera nayo akuyang'ana pansi. Mlendoyo anaiona, anapukusa mutu n'kuyamba kutseka chikwama chake. Ine misozi inali italengeza kale.

"Musafulumire, achimwene," agogo anamugwira pamkono. "Chigafa ndi mlandu wathu, sitikupemphani kanthu. Koma kuseri kwa pepala kuja matalala sanakanidweko. Tiyeni kumunda."

Anamuyendetsa mzere ndi mzere m'matope mpaka nsapato zake zinalemera, akumuonetsa tsamba lililonse lobooka. Za matalala zinalipidwa. Sizinabweze zonse, chaka chimenecho tinavala zakale, koma sitinagone ndi njala, ndipo pamudzi panalibe wotiloza chala.

Agogo anatisiya kalekale. Ine lero ndimakhala pa Kasungu Boma, ndipo anthu a m'maofesi amandidziwa kuti ndine mayi wochedwetsa mzere. Akandipatsa cholembera, ndimachiika pansi kaye n'kutembenuza pepala. Akumbuyo akayamba kung'ung'udza sindichita manyazi ngakhale pang'ono, ndimangoona agogo atakweza mkono wawo wakuda ndi utomoni wa fodya.