Mkuyu Woyenda ndi Mkuyu wa ku Mulunguzi

Chaka chomwe mwana wanga wamkazi anayamba sitandade wani tinkakhala ku Chikanda, ndipo kachipinda kakuseri tinachititsa lendi mtsikana wa ku koleji. Anali ndi buku lina lonenepa ngati njerwa, lachizungu, nkhani zopeka zokhazokha: mafumu, malupanga, zinjoka zouluka. Akaweruka ankakhala pakhonde n'kumamufotokozera mwana wanga m'Chinyanja. M'bukumo munali mtengo umene akuti dzina lake analitenga m'Malemba, ndiye iye ankangouti mkuyu. Mkuyu umenewo unkayankhula, unkazula mizu n'kuyenda, masamba ake asiliva.

Ine sindinkadandaula. Mwana ali phee, ine ndikuchapa.

Zinatulukira ku Sande sukulu. Anamusankha kuti adzanene pamaso pa mpingo nkhani ya wokhometsa msonkho wamfupi uja, amene anakwera mumkuyu kuti aone Ambuye. Pokonzekera, mwana wanga anati mtengowo unawerama, kumunyamula munthuyo, n'kuyenda naye m'mbali mwa msewu. Anzake anaseka mpaka kugwa pabenchi. Aphunzitsi anandipeza panja.

"Mayi, kunyumba mumawerenga Malemba ake ati? Akadzabwereza zimenezi Lamulungu likubwerali, mbali yake ndipatsa wina."

Mwanayo analira njira yonse, komanso diresi la tsikulo ndinali nditasoketsa kale. Ndikamuuza kuti mitengo siyenda, iye amvekere, "Koma anti anawerenga m'buku!" Ine wa sitandade sikisi ndikanatsutsana bwanji ndi buku?

Loweruka ndimakwera kuphiri kukatola nkhuni. Ulendo umenewo ndinawatenga onse awiri. Tikukwera, ndinati, "Achemwali, za mkuyu mwawerenga mpaka buku kuthothoka. Tatilozereni."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza mtengo wautali wa khungwa loyera.

"Bulugama ameneyo."

"Nanga uwo?"

"Paini. Ndi amene mumaphikira nyemba."

"Amayi, musandiseke, ine ndinakulira m'tauni."

"Oo, kumeneko mitengo inayenda yonse musanabadwe?"

Anaseka mpaka silipasi kuvuka.

Mkuyu weniweni tinaupeza m'mphepete mwa Mulunguzi, tisanafike pamwamba. Thunthu lonenepa, nthambi zoyambira m'munsi, nkhuyu zili mbwee pansi, zina zolumidwa ndi apusi. Ine pa nkhuni ndimaulambalala, umangofuka utsi.

Mwana wanga anaima patsogolo pake, manja kumbuyo. "Muli bwanji, a mkuyu?"

Zii. Ndinakhala pamwala n'kumuleka. Anaupatsanso moni mokweza. Anaukankha ndi phewa. Anandiyang'ana, ine n'kumangokonza nkhata yanga. Atatopa anaponda nthambi yam'munsi, kenako ina, inanso. Posakhalitsa anali m'mwamba.

"Amayi, ndikuona njira yonse! Ndikuona abambo a njinga yamatabwa!"

"Wakunyamula ndani?"

"Ndakwera ndekha."

"Iwe ndiwe wamtali?"

"Ayi."

Anayang'ana nthambi zimene anaponda. Kenako kukuwa: nyerere zinali zitalowa m'malaya. Anatsika mofulumira kuposa mmene anakwerera. Pansipa achemwali anali akulavula, atatafuna nkhuyu osaing'amba kaye. Chikomekome cha mkuyu, ndinawauza, ku koleji sanakuphunzitseni?

Lamulungu mwana wanga ananena nkhani yonse osaphonya, aphunzitsi n'kugwedeza mutu. Mbali yake inakhala yake.

Tsiku lenileni linafika. Anaima kutsogolo m'diresi lake lobiriwira, achemwali ali pambali panga. Anafotokoza bwinobwino mpaka pa mtengo. Apo anapuma, n'kuuyang'ana mpingo wonse.

"Mkuyuwo sunamunyamule ayi. Anakwera yekha, chifukwa nthambi zake zimakhala pafupi. Koma nyerere zinamuluma kwambiri, iye osatsika, chifukwa amafuna aone Ambuye."

Tchalitchi chonse chinaphulika ndi phwete. Aphunzitsi anatembenuka kundifunafuna ndi maso, ine ndikuwerenga malata kudenga. Koma abusa, akupukuta misozi, anati, "Mwamumva mwanayu? Inu nyerere imodzi yokha, mwatsika kale."

Aphunzitsi ndi amene anayamba kuwomba m'manja.